Galimoto Yabwino Imadziwikira pa Mtsetse wa ku Chikwawa

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Kapichira, m'boma la Chikwawa, pamene mtsinje wa Shire umagwa kotsiriza pa miyala usanayambe kuyenda mwakachetechete m'chigwa kulowera ku Nsanje. Omvera ambiri amawadziwa malowa chifukwa cha magetsi amene amapangidwa pamenepo, ndipo ena amawadziwa chifukwa cha nkhalango ya nyama ya Majete imene ili pafupi pomwepo. Koma lero nkhani ndi ya magalimoto, ndiponso ya mkangano wosatha wa anthu amene amawakonda. Funso lawo ndi lakuti, kodi galimoto yabwino ndi yotani? Funsoli limamveka ngati la macheza chabe, komatu m'chigwa cha Shire yankho lake limakhudza ndalama zimene banja lakhala likusunga zaka zambiri, ndipo nthawi zina limakhudza miyoyo ya anthu.

Malo a Kapichira anayamba kalekale kuyesa makina ochokera kunja. Mu Januwale 1859 David Livingstone anafika pa mathithi amenewa atakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Ma Robert, imene inapangidwa ku Birkenhead m'dziko la England. Pochoka kwawo sitimayo inkatamandidwa kuti ndi ya chitsulo chamakono, chopepuka ndiponso cholimba. Itafika mu Zambezi ndi mu Shire, zinaoneka kuti inkadya nkhuni zambiri pamene mphamvu yake inali yochepa, kotero kuti anthu a paulendowo ankataya masiku ambiri akudula mitengo. Chitsulo chija chinachita dzimbiri ndi kuyamba kubooka, ndipo kumapeto kwa chaka cha 1860 sitimayo inamira mu Zambezi. Amene anaipanga sanaidziwe mitsinje imene inkayenera kuyendamo. Zimene zinachitikira sitimayo zimachitikiranso magalimoto ambiri amene amatsikira kuchigwa masiku ano.

Okonda magalimoto m'derali amapezeka pa Dyeratu, pa Thabwa, pa boma la Chikwawa ndi pa Nchalo, makamaka m'magalaja ndi pamalo odikirira okwera. Pakati pawo pali madalaivala, amakaniko, aphunzitsi, alimi a nzimbe ndi thonje, ndiponso anyamata amene sanagulepo ngakhale tayala limodzi koma amadziwa kukula kwa injini ya galimoto iliyonse yodutsa pamsewu. Munthu akamvetsera bwino zokamba zawo, amapeza kuti maganizo awo ali m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la akuluakulu amene amakumbukira magalimoto a makedzana. Iwowa amatchula Land Rover, imene inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, ndiponso Peugeot 404 ndi 504 za ku France, zimene zinatuluka mu 1960 ndi mu 1968. Amatchulanso Datsun ndi malole a Bedford amene ankatuta thonje m'misika ya m'midzi. Chimene amayamikira ndi chakuti magalimoto amenewo anali osavuta kuwamvetsa. Ikazima pamsewu, makaniko ankatsegula boneti, kumvetsera, kupukuta mapulagi, kutsuka kabuleta, ndipo ulendo unkapitirira. Peugeot 504 inali ndi masipuling'i ofewa amene ankameza mabampu a misewu ya fumbi, ndipo Afirika anaikonda kwambiri kotero kuti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000, ku Ulaya itaiwalika kale. Achinyamata amayankha kuti magalimoto amenewo ankamwa mafuta ngati ng'ombe ya ludzu, chiwongolero chake chinali cholemera, ndipo pangozi ankateteza anthu pang'ono poyerekeza ndi a masiku ano. Mbali zonse ziwiri zimanena zoona.

Gulu lachiwiri ndi la okonda magalimoto aakulu okoka ndi mawilo onse anayi. Ambiri mwa iwo ndi madalaivala a mabungwe, a maambulansi, ndi amene amanyamula alendo opita ku Majete. Pakati pawo mkangano umakhala wa Toyota Hilux ndi Land Cruiser mbali imodzi, Ford Ranger, Isuzu ndi Nissan mbali inayo. Pofuna kumvetsa mkanganowu, ndi bwino kusiyanitsa mitundu iwiri ya mphamvu ya injini. Pali mphamvu imene imathamangitsa galimoto pamsewu woongoka, imene amaiwerenga mwa akavalo. Palinso mphamvu yokokera, imene imazula galimoto yolemedwa pachitunda kapena m'matope injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Injini ya dizilo imapambana pa mphamvu yachiwiriyi, ndipo n'chifukwa chake malole ndi mathirakitala amayendera dizilo.

Okonda Land Cruiser amatamanda injini yakale ya malita 4.2, ya masilinda 6, yopanda tebo, imene inayamba kupangidwa mu 1990. Amati ndi yaulesi pothamanga koma sidziwa kudwala. Okonda Ranger ndi Hilux zatsopano amayankha kuti injini zawo, ngakhale ndi zazing'ono, zimatulutsa mphamvu yoposa ya injini yakale ija chifukwa cha tebo ndi kompyuta imene imayeza dontho lililonse la mafuta, ndipo zimamwa pang'ono. Zimenezi ndi zoona, koma walira mvula walira matope. Injini yamakono imapopera dizilo kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, ndipo imafuna mafuta oyera. Pa nthawi imene mafuta anasowa m'dziko muno, monga mu 2011 ndi mu 2022, anthu ambiri ankagula mafuta a m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena fumbi. Injini yakale imatsokomola ndi kupitirira, pamene yamakono ikhoza kuonongeka majekitala, ndipo mtengo wa zipangizo zimenezi umaliza mwini wake.

Gulu lachitatu, limene ndi lalikulu kuposa onse, ndi la okonda timagalimoto togwiritsidwapo kale ntchito tochokera ku Japan, monga Toyota Probox, Sienta ndi Vitz, Honda Fit, Nissan Note ndi Daihatsu Mira. Magalimoto amenewa amachuluka kuno pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ku Malaŵi, motero chiwongolero chili mbali yoyenera. Chachiwiri, lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto ikayesedwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Kuyesako kumadya ndalama zambiri, choncho eni ake ambiri amagulitsa galimoto ikadali yooneka bwino. Ambiri mwa magalimotowa amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga.

Palibe amene angakane kuti magalimoto amenewa asintha moyo wa m'chigwa. Mphunzitsi kapena mlimi amene kale sakanalota zokhala ndi galimoto, lero ali nayo, ndipo mayi wodwala amafika kuchipatala msanga kusiyana ndi nthawi ya ngolo za ng'ombe. Okonda timagalimototi amasangalala ndi zinthu zimene zili m'kati mwake: zitseko zotseguka zokha, kamera yoonetsa kumbuyo, batani loyatsira injini popanda kupotokola kiyi, ndi giya ya otomatiki imene sitopetsa mwendo. Koma amakaniko amakumbutsa mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mira ili ndi injini ya 660cc, ndipo inapangidwira munthu wopita kuntchito m'misewu yosalala ya m'tauni. Sienta inapangidwira banja la anthu osapitirira 7. Galimoto yotere ikasanduka matola, ndi kunyamula anthu oposa mipando yake pamodzi ndi matumba a chimanga ndi mbuzi, imakhala ikugwira ntchito imene anaipanga sanaiganizire.

Magulu atatuwa akhoza kukangana usiku wonse, koma woweruza wawo ndi msewu wochokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja ya mchere, pamene boma la Chikwawa lili pa mamita pafupifupi 100 okha. Gawo lalikulu la kutsika kumeneku limachitika pa mtsetse wokhotakhota umene umathera kufupi ndi Thabwa, msewu usanaoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu. Pamalo amenewa liwiro la galimoto lilibe phindu, ndipo kamera ya kumbuyo sithandiza kanthu. Chimene chimasunga moyo wa okwera ndi mabuleki, magiya, ndi nzeru za dalaivala.

Mabuleki amaimitsa galimoto mwa kukhuzana kwa mapadi ndi chitsulo chozungulira pamodzi ndi wilo, ndipo kukhuzanako kumabala kutentha. Dalaivala akatsika mtsetse wautali phazi lili pa buleki osachotsa, kutenthako kumakula mpaka mapadi amayamba kuterera. Mafuta a mabuleki nawonso amakoka chinyezi akakhalitsa, ndipo akatentha kwambiri amawira ndi kuchita thovu. Pamenepo dalaivala amaponda buleki ndi kupeza kuti phazi langomira pansi, galimoto ikunka nithamanga. Katundu akachuluka, zonsezi zimachitika msanga. N'chifukwa chake madalaivala odziwa msewuwu amatsika ndi giya yaing'ono, yomwe ija akadakwerera chitunda chomwecho, kuti injini ndiyo izigwira galimoto, mabuleki azingothandizira pokhota. Galimoto ya otomatiki nayonso ili ndi njira yochitira zimenezi, pakuti pa ndodo ya giya pamakhala chilembo cha L kapena B, kapena nambala 2. Anthu ambiri amayendetsa magalimoto otere zaka zingapo osadziwa ntchito ya zilembo zimenezi.

Pali chizolowezi china choopsa chimene chimakula mafuta akakwera mtengo. Madalaivala ena amachotsa giya potsika, ndipo ena amazimitsiratu injini, poganiza kuti akupulumutsa petulo. Injini ikazima, mphamvu yothandiza mabuleki imatha dalaivala akangoponda kangapo, ndipo chiwongolero chimauma. Chodabwitsa n'chakuti m'magalimoto ambiri amakono, kompyuta imatseka mafuta yokha pamene galimoto ikutsika ili mu giya phazi litachoka pa moto. Motero wochotsa giya amaika miyoyo ya anthu pachiswe popanda kupulumutsa kanthu.

Pobwerera ku Blantyre, msewu womwewo umayesa mbali ina ya galimoto. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ndipo galimoto imayamba kukwera phiri injini ili yotentha kale. Amene amayenda msewuwu kawirikawiri anaonapo magalimoto ataima m'mbali, boneti ili yotsegula, nthunzi ikufuka. Madzi amawira pa madigiri 100, koma chitsekero cha rediyeta chimawapanikiza kuti asawire msanga, ndipo mankhwala oziziritsa injini amateteza chitsulo ku dzimbiri. Chitsekero chikatha mphamvu, kapena mwini galimoto akazolowera kuthira madzi a mumtsinje okhala ndi matope, timipaipi ta rediyeta timatsekeka pang'onopang'ono. Injini ikawira kamodzi kokha koma kwambiri, mutu wake ukhoza kupindika, ndipo kuukonza kumadya ndalama zochuluka kuposa za chitsekero chatsopano maulendo ambirimbiri. Aliyense ayenera kukumbukiranso kuti kutsegula rediyeta injini ili yotentha kwapsereza manja ndi nkhope za anthu ambiri.

Yeso lachitatu limabwera ndi dzinja. Dera la Ngabu lili ndi dothi lakuda la makande, limene limang'ambika m'chilimwe ndi kumata ngati ulimbo mvula ikagwa. Msewu wa kutsidya la kum'mawa kwa Shire, wochokera pa Thabwa kulowera ku Muona, umadutsa mitsinje yambiri yotsika m'mapiri a Thyolo, imene imadzaza mwadzidzidzi. Madzi osefukira a mu 2015, a mu 2019, a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaononga misewu ndi milatho m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. M'nyengo yotere chofunika ndi kutalika kwa mimba ya galimoto kuchokera pansi, ndiponso malo amene injini imakokera mpweya. Injini ikakoka madzi m'malo mwa mpweya imaima pomwepo ndi kupindika zitsulo za m'kati, pakuti madzi sapanikizika. Ngakhale Land Cruiser ili ndi malire ake, chifukwa madzi othamanga amanyamula galimoto yaikulu monga amanyamulira bwato.

Matayala nawonso amaiwalika pa mikangano ya okonda magalimoto, chonsecho ndi okhawo amene amagunda msewu. Magalimoto ena amafika kuchokera ku Japan ali ndi matayala a nyengo ya chipale, a mphira wofewa, amene amatha msanga pa phula lotentha la kuchigwa ndipo sagwira bwino pokhota. M'mbali mwa matayala ambiri pamakhala manambala anayi osonyeza nthawi imene tayalalo linapangidwa. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, kotero kuti 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mano ake akuoneka atsopano.

Macheza a m'magalaja akafika pa nkhani ya mafakitale, mawu amasintha ndipo pamakhala kudandaula. Dziko la Malaŵi lilibe fakitale yopanga magalimoto, motero galimoto iliyonse ndi zipangizo zake zambiri zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya matayala, mabatire ndi mapadi inakwera, ndipo eni magalimoto ambiri anayamba kuzengereza kusintha zinthu zotha. Okonda magalimoto amachitira nsanje dziko la South Africa, kumene Hilux imapangidwa ku Durban ndipo Ford Ranger imapangidwa ku Pretoria. Amakumbukira kuti ku Zambia, mumzinda wa Livingstone, ankalumikiza magalimoto a Fiat m'zaka za m'ma 1970, ndipo amamva kuti ku Uganda kampani ya boma ya Kiira Motors inayamba kupanga mabasi oyendera magetsi. Ena amati Amalaŵi nawonso akhoza kutero. Ena amayankha kuti fakitale imafuna ogula magalimoto atsopano ambiri chaka chilichonse, ndipo galimoto yatsopano singapikisane pa mtengo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito ya ku Japan.

Komabe chigwa cha Shire chili ndi gawo lake pa nkhani ya magalimoto, ngakhale sichipanga ndi wilo lomwe. Dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo mu 2004 kampani ya PressCane inayamba kupanga ethanol pa Dyeratu kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga ku Nchalo. Ku Brazil, dziko limene limalimanso nzimbe zambiri, kuyambira mu 2003 amagulitsa magalimoto otha kuyendera petulo, ethanol, kapena zonse ziwiri zosakaniza. Amene amadziwa zimenezi amafunsa chifukwa chimene galimoto yodutsa pakati pa minda ya nzimbe iyenera kuima pa mzere kudikira mafuta ochokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Gawo lina ndi la magetsi, ndipo apa nkhani ikubwerera ku Kapichira. Makina oyamba opangira magetsi pamalopa anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000, ndipo gawo lachiwiri litamalizidwa patapita zaka zoposa 10, mphamvu yonse inafika pa mamegawati pafupifupi 130. Achinyamata okonda zamakono amati tsogolo ndi la magalimoto oyendera magetsi, pakuti madzi a Shire safuna ndalama zakunja. Amanenanso kuti galimoto yamagetsi, ngakhalenso ya mtundu wosakaniza petulo ndi batire monga Toyota Prius, imene inatuluka mu 1997, imabweza mphamvu mu batire pamene ikutsika mtsetse, ndipo potero imapumitsa mabuleki. Okayikira amakumbutsa zimene zinachitika mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira. Dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake, ndipo makinawo anakhala chete kwa nthawi yoposa chaka mpaka mu 2023. Amafunsanso za kutentha kwa kuchigwa, kumene kumafupikitsa moyo wa mabatire, ndiponso za makaniko amene angakonze galimoto yotere ikaima pa Bangula. Mkangano umenewu sunathe, ndipo ndi wofunika kuti upitirire.

Tsono munthu amene wagulitsa thonje kapena ng'ombe zake, kapena walandira ndalama zopumira pantchito, nafuna kugula galimoto yoyendera m'chigwa, angaphunzire zambiri pa zokamba za magulu onse atatu. Kwa akuluakulu aja angatengeko funso lakuti, kodi makaniko wa kwathu adzaitha galimoto imeneyi, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa Nchalo kapena ku Limbe? Kwa madalaivala a magalimoto aakulu angatengeko funso la katundu ndi misewu: idzanyamula chiyani, ndipo idzayenda kuti m'mwezi wa Febuluwale? Kwa okonda timagalimoto ta ku Japan angaphunzire kuwerengera mafuta, pakuti galimoto imene mwini wake sangathe kuimwetsa imasanduka khola la nkhuku. Pokagula ayenera kutenga makaniko wodalirika kuti akayang'ane pansi pa galimotoyo, mabuleki, rediyeta ndi matayala, asanayambe kusirira utoto ndi wailesi. Ayeneranso kusiya ndalama zina pambali zosinthira oyilo, mafuta a mabuleki ndi matayala galimoto isanayambe ntchito.

Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Anyamata a pa Dyeratu adzapitiriza kukangana za akavalo a injini ndi za galimoto imene imafika msanga ku Nsanje, ndipo macheza otere ndi okoma. Koma amayi amene amadikira ana awo ochokera ku Blantyre madzulo amayesa galimoto mwa njira imodzi yokha, ndiyo kuiona itatsika mtsetse, itaoloka mlatho wa Kamuzu, ndipo onse amene anakwera akutsika ndi miyendo yawo. Nkhani ya sabata ino yochokera ku Kapichira yathera pamenepa.